Munda wa Ababa ndi Chingerezi Changa

Ku sukulu ya mishoni Chingerezi tinkachiphunzira moimba. Aphunzitsi akatchula mneni, tinkaimirira manja kumbuyo n'kulakatula mmene amasinthira ponena zakale. Wolakwitsa ankamenyedwa khofi ndi mnzake amene wakhoza. Ine makofi ndinkawaopa koopsa, choncho nyimbozo ndinaziloweza kuposa aliyense.

Ababa anabwera kuchokera kwa Apwitikizi ndi khasu lokha, napatsidwa malo pa esiteti ya tiyi posinthana ndi thangata. Chaka china kapitawo anadzakhoma zikhomo m'munda mwathu, akuti tiyi akufuna malo. Ababa sanatekeseke. "Ndili ndi mwana wodziwa Chizungu ine," ankauza aliyense, ngakhale wosafunsa.

Mzungu wa esitetiyo tinakamudikirira pamsewu wa ku fakitale. Ababa anavula chipewa n'kundinong'oneza: "Umuuze kuti mphanje ija ndinaswa ndekha, zitsa ndinakumba ndi manja awa. Chimanga chafika m'mawondo. Atilole tikolole basi."

Mzungu anaimitsa hatchi. Ndinayamba bwinobwino, "My father," koma nditafika pa mneni wa kukumba ndinasokonezeka. Kodi ndi "digged" kapena "dug"? Tsaya linayamba kutentha ngati khofi lafika kale. Manja anapita okha kumbuyo, ndipo ndinangodzimva ndikuimba mokweza monga m'kalasi: "Dig, dug, dug." Nyimbo ija ikayamba sinkaimira panjira. Ndinapitiriza: "Draw, drew, drawn. Drink, drank, drunk."

Mzungu anaseka mpaka kupukuta misozi, nandigwedezera mutu, n'kumapita. Za munda sanamve ngakhale liwu limodzi.

"Waseka, ndiye kuti wamva," anatero ababa tikubwerera, akuyenda mothamanga ngati mnyamata. Ine maso anali pansi. Ndinkalakalaka akanandimenya khofi lija.

Zikhomo sizinazulidwe. Chimanga chinatchetchedwa chisanamasule, ndipo chaka chimenecho tinapulumukira chinangwa cha achibale a ku Bvumbwe. Manyazi anga sanali pa njalayo ayi. Anali pa mawu amene ababa anauza amayi tsiku lotchetchalo, ine ndili pomwepo, mawu amene anapitiriza kuuza alendo mpaka imfa yawo.

"Mwanayu musamunene. Anamuuza zonse ine ndikumva, osapumira n'komwe. Mzunguyo ndiye wouma mtima."