Tsiku Limene Panafunika Amuna Khumi

Chaka changa chachitatu ku Perth, ku Australia, ndinasiya ntchito ku Midland n'kukayamba pa nyumba ina yaing'ono yosamalira okalamba, kumpoto kwa mzinda. Nyumbayo inali ya Ayuda. Kunena zoona, ine Ayuda ndinkangowadziwira m'Baibulo, moti tsiku loyamba ndinalowa mtima uli m'mwamba. Ndinakapeza agogo wamba, odandaula kuti tiyi wazizira, okanganirana mpando wa pawindo, ofuna kudziwa ngati ndili pabanja.

Chimene chinandidabwitsa ndi dzina la banja lina. Linali paliponse. Pa chitseko cha khitchini lilipo, pa benchi ya panja lilipo, m'mbali mwa minibasi yoyera imene inkaima pageti lilipo. Ndinafunsa mnzanga wa ku Lusaka amene tinkagwira shifiti imodzi kuti, "Kodi eni nyumba ino ndi amenewa?"

Anandiseka. "Iyayi iwe, ni faundeshoni."

Anandifotokozera kuti gogo wa banjalo, amene anatisiya kalekale, anaika chuma chake padera kuti chizithandiza anthu a mtundu wawo. Ana ndi zidzukulu amakumana chaka chilichonse n'kugwirizana koti athandize: sukulu ya ana, sunagoge, manda, ndi nyumba yathuyo. Ine ndinagwira pakamwa. Abale inu, kwathu chuma cha malemu timalimbirana maliro asanatuluke m'nyumba, mpaka mbale ndi mabulangete, awa akukhala pansi kukambirana woti am'patse!

Minibasi ija inali ndi ntchito yake. Masana ena inkazungulira m'makomo kutenga madoda opuma pa ntchito amene anasiya kuyendetsa galimoto, n'kuwabweretsa kuti adzapemphere ndi okalamba athu m'kachipinda ka mapemphero. Pa nyumbapo ambiri anali amayi. Amuna anali atatu okha, ndiye popanda alendo aja mapemphero ena sankatheka.

Mmodzi mwa atatuwo anali bambo wina wa m'chipinda chakumapeto, amene ine ndinkangowaitana kuti madala. Sabata yanga yoyamba ndinagwetsa kapu m'chipinda mwawo n'kukuwa kuti, "Mayo ine!" Ndinangomva mawu kuchokera pabedi: "Wazicita, mwana wanga?" Mzungu wa tsitsi la mbuu, kakapu kakuda pamutu, akundiyankhula Chinyanja! Anabadwira ku Chipata, kumene bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo anakulira kumsana kwa mlezi wachichewa. Kenako Joni, kenako Perth. Pamene nzeru zinkawathawa, Chingerezi chinayamba kutayika, koma Chinyanja cha ubwana chinatsala. Anzanga achizungu akalephera kuwamwetsa mankhwala ankandithamangira. Ine ndinkangolowa n'kunena kuti, "Madala, osavuta, imwani," iwo n'kumwa akung'ung'udza kuti ndine wankhanza ngati mlezi wawo uja.

Ndinkawakonda madala aja, ndisabise. Bambo anga anamwalira ku Ntcheu nthawi ya mliri ija, malire atatsekedwa. Maliro ndinaonera pa foni ya mlongo wanga, chithunzi chikudukaduka, ine nditakhala pansi m'khitchini mwanga ku Australia. Mpaka lero manda awo sindinawaone ndi maso angawa. Ndiye ndikamawapesa madala tsitsi, kapena kuwapaka mafuta m'miyendo, mtima unkakhalako pansi.

Akazi awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku Canada. Pa mwambo wawo, tsiku limene munthu anamwalira likakwana chaka, wachibale amayatsa kandulo, n'kuimirira kunena pemphero lomukumbukira. Koma pempherolo munthu sanena yekha. Pamafunika amuna khumi. Madala ankaiwala ngati adya, ankaiwala dzina langa, koma ichi chokha sankaiwala. Khirisimasi ikangodutsa ankayamba kufunsa za akazi awowo, "Siku ya amai yafika?" Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Nikaleka ine, palibe wina azamuchula."

Kenako chaka china minibasi inaleka kubwera. Banja lija linagwirizana kuti thandizo lipite kwambiri kusukulu ndi kwa alonda a pazipata. Madoda a m'makomo aja anasiya kuoneka, ndipo kachipinda ka mapemphero kanayamba kununkha fumbi.

Mdzukulu wamkazi wa banjalo, mayi wa msinkhu wanga, ankabwera Lamlungu lililonse kudzaona azakhali ake amene tinkawasamalira. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinam'peza m'khonde n'kumufunsa mosapita m'mbali kuti basi yathu aitengera chiyani. Sanakwiye. Anandiuza kuti masiku ano makolo akuopa kusiya ana pasukulu popanda mlonda chifukwa cha anthu odana ndi Ayuda, ndipo pamsonkhano wa banja anakangana mpaka ena kutuluka panja, koma mapeto ake ana ndiwo anapambana. Ndinam'mvetsa, inenso ndine kholo. Komabe ndinachoka ndikutokota. Okalamba sadziwa kudandaula pamsonkhano, ndiye amaiwalika msanga.

Tsiku la akazi a madala linagwera Lamlungu, mu Januwale. Ndinafunsa sisitala wamkulu kuti titani. Anati mkulu wina wotsogolera mapemphero walonjeza kubwera pa galimoto yake, koma amuna khumi sakwana, ndipo madala anali atafooka moti kuwanyamula kupita nawo ku sunagoge adokotala anakana.

Amuna khumi? Ine ndinati m'mtima, basi vuto lake n'lomweli? Kwathu mfuu ya maliro ikamveka, safunsa kuti ndiwe wa mpingo uti. Msilamu amakumba manda a Mkatolika, wa Chipangano amasenza bokosi la munthu wosapemphera. Sindinafunsenso munthu. Ndinafika kunyumba n'kuuza bambo a ana anga kuti, "Bambo, Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi musavule jekete. Ndipo muuze anzanu." Iwo anaimba mafoni madzulo omwewo. Anangonena kuti kuntchito kwa mayi kuli gogo wa ku Chipata, alibe abale kuno, akukumbukira malemu akazi ake.

Anabwera, inu. Wina anayendetsa galimoto kuchokera ku Rockingham ndi mlamu wake. Wina anachokera ku msika wa ku Canning Vale, atangovala jekete pamwamba pa malaya a ntchito, akununkhabe anyezi. Awiri a ku Zambia anamva kuti ndi munthu wa ku Chipata n'kunena kuti ameneyo ndi wathu, simungatisiye. Kunkatentha ngati m'ng'anjo, koma onse anali m'majekete akuda, thukuta lili kamukamu. Analowa mwakachetechete, n'kukhala m'mbali mwa khoma manja ali pamaondo, monga timakhalira pasiwa. Ine ndinali wonyada, ndikuyenda ngati mwini mwambo. Ndinawayatsira madala kandulo yawo yamagetsi, poti yamoto siloledwa pafupi ndi mpweya wa m'botolo, n'kuwakankha pa njinga yawo kulowa nawo m'chipindamo.

Mkulu wotsogolera mapemphero uja atafika anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anayang'ana amuna aja, anayang'ana ine. Kenako anandikodola kuti tikaonane m'khonde.

"Mayi," anatero m'Chingerezi, motsitsa mawu, "anthu awa mwawaitana ndinu?"

"Eya. Mumati khumi. Awerengeni, apitirira."

Mkuluyo anatembenuza chipewa chake m'manja. Ankaoneka kuti akusowa poyambira. "Chimene mwachitachi n'chachikulu, ndipo sindidzaiwala. Koma khumiwo amayenera kukhala Ayuda."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo! Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndaitanitsa azibambo aulemu wawo, ena ulendo wa ola lathunthu, ena asiya nkhomaliro patebulo, kudzakhala ngati mipando. Ndinapsa mtima, koma wom'psera mtima panalibe. Mwambo ndi wa eni ake, sindikanawauza zochita.

Ndinawanong'oneza bambo a kunyumba. Anandiyang'ana ndi diso lija ndimalidziwa, loti tikakambirana kunyumba. Uthenga unayenda khutu ndi khutu mpaka kwa wamkulu wa gulu lathu, bambo a ku Rockingham aja. Iwo anangokonza tayi n'kunena kuti, "Tabwera kale. Munthu sufika pasiwa n'kubwerera pakhomo. Tikhala, ngakhale osatiwerenga." Palibe anadzuka.

Mdzukulu wa banja la faundeshoni uja anali m'chipinda cha azakhali ake, ndipo anatuluka atamva kuti m'khonde muli piringupiringu. Anasuzumira m'kachipinda kaja. Anaona majekete akuda ali ndandanda, ndi madala pakati, atavala nsalu yawo yoyera ya mapemphero, akumwetulira aliyense. Mkulu uja anamufotokozera. Mayiyo nkhope inafiira. Anangotulutsa foni n'kuyamba kuyenda uku ndi uku m'khondemo, akuimbira mchimwene wake, asuweni ake, amalume ake. Ndinamumva akukalipira wina kuti, "Sindikukupempha, ndikukuuza."

Vuto linali dzuwa. Kwa iwo tsiku limatha dzuwa likalowa, ndipo likangolowa ndiye kuti tsiku la malemu lapita. Anthu anayamba kufika mmodzimmodzi. Anyamata awiri akuluakulu anachokera kunyanja, mchenga uli m'mapazi, akuvala tizipewa tawo pakhomo. Wina anabwera ndi mwana wakhanda pachifuwa. Azibambo athu ankasendera kuwapatsa malo. Pamodzi ndi okalamba athu atatu ndi mkulu uja, anakwana asanu ndi anayi. Wakhumi, amalume ake a mayi uja, anali atatsekeredwa pamsewu waukulu chifukwa cha ngozi, ndipo foni iliyonse ankati ali pafupi.

Kuwala kwa pawindo kunasanduka kofiira. Mkulu uja ankangoyang'ana panja n'kuyang'ana pakhomo. Madala anali asakudziwa chilichonse cha zimenezi. Iwo ankangoona chipinda chodzaza amuna, kuposa zaka zonse.

"Tiyambe," anatero m'Chinyanja. "Niimikeni."

Palibe Myuda anamva mawuwo. Anamva ndi bambo a kunyumba ndi mnyamata wa ku Canning Vale uja, ndipo asanaganize n'komwe anali atawagwira kale m'khwapa, wina uku wina uku, n'kuwaimiritsa. Mkulu uja anatsegula pakamwa kuti anene zoti khumi sanakwane. Anayang'ana miyendo ya madala ikunjenjemera, n'kutsekanso.

Munthu amene ankaiwala kuti supuni ndi ya chiyani ananena pemphero lonse osaphonya. Mawu ake sindinkawamva tanthauzo, koma ankayenda ngati nyimbo ya maliro yoimba munthu mmodzi. Atafika pena anaima, kudikira kuti anthu avomere. Ayuda aja anayang'anana, poti ankadziwa kuti sanakwane. Kunali zii. Ndiye azibambo athu, anthu okulira m'tchalitchi, ataona kuti wopemphera waima, anangovomera onse pamodzi ndi mawu akuluakulu aja kuti, "Ameni." Ulendo wachiwiri mchimwene wake wa mayi uja anavomera nawo. Pofika kumapeto chipinda chonse chinkavomera, ndipo mayi uja anali ataima pakhomo pafupi nane, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Amalume aja anafika dzuwa litalowa, akupuma wefuwefu. Ngati pemphero lija linawerengedwa kapena ayi, ine sindidziwa. Nditamufunsa mkulu uja anangoti funso limenelo ndi lalikulu kuposa iyeyo, n'kupita kukagwira chanza azibambo athu mmodzimmodzi.

Madala tinawakhazika pa njinga yawo atatheratu mphamvu. Ndinkafuna kuwabwezera kuchipinda, koma anakana. Anagwira mkono wa jekete la bambo a kunyumba osausiya.

"Mwayenda ulendo utali," anatero. "Mwacoka liti ku Chipata?"

Bambo anandiyang'ana. Ndinawagwedezera mutu kuti angovomera. Anagwada pafupi ndi njingayo n'kunena kuti, "Tanyamuka dzulo, madala."

"Mwacita bwino kubwela. Amai anali kukukondani maningi." Anapuma pang'ono. "Nanga mvula kumunzi? Yagwa?"

Mwamuna wanga anali asanapondeko kumudzi zaka zambiri. Mvula ya kwathu ankangoimvera pa foni ngati ine ndemwe. Azibambo ena onse anali atasiya kuyankhula, akumvetsera.

"Yagwa bwino, madala," anatero. "Chimanga chafika m'chiuno. Ana ayamba kale kutola bowa."

"Na mango?"

"Mango ndiye akungowolera pansi."

Madala anatseka maso, akumwetulira. Bambo a ku Rockingham aja anatulutsa kampango n'kuyamba kupukuta magalasi amene sanade n'komwe. Ine ndinatembenukira kukhoma, chifukwa yunifolomu silola kulira pamaso pa odwala, koma misozi inali itatsika kale.

"Mukabwelela," anatero madala, maso ali chitsekere, "munitengeko. Nalema kuno."

"Tidzakutengani," anayankha bambo a kunyumba. "Tikamapita tonse, tidzakutengani."