Mlonda Woweruka ndi Dzuwa

Abambo Flywell Nyirenda ali ndi zaka 64, ndi mkulu wa mpingo ku Kawale, ndipo ali pa ulova.

Ankalondera galaja ya a Greyson ku Biwi kuyambira nthawi ya chipani chimodzi. Tsiku lowalemba ntchito, bwanayo anangoloza kumwamba: "Likatuluka mufike, likalowa muweruke." Pangano linathera pomwepo. Mlonda wa usiku naye ankayendera dzuwa lomwelo, moti awiriwo ankakumana pageti n'kupatsirana chibonga.

Mnzawoyo atamwalira, kumapeto kwa 1995, a Greyson anabweretsa mlonda wa kukampani, dzina lake Lucious, wa yunifolomu ndi wotchi pamkono. Iyeyu anauzidwa kuti aziyamba sikisi koloko. M'dzinja zinkayenda, poti dzuwa linkalowa Lucious atafika kale. Mvula itatha, linayamba kulowa msanga.

"Bwana, mnzangayu akuchedwa," anadandaula a Nyirenda.

"Sakuchedwa, madala. Ali ndi wotchi."

"Nanga ine?"

"Inu muli ndi dzuwa lanu," anatero a Greyson, amakaniko n'kuphulika kuseka.

Miyezi iwiri a Nyirenda anadikira Lucious m'chisisira, popanda ndi zikomo yemwe. Lachitatu lina mu Juni kunali msonkhano wa akulu a mpingo. Dzuwa litalowa anatseka geti n'kumapita. Lucious pofika anapeza loko wothyoka, injini ya minibasi ya kasitomala palibe.

A Nyirenda anachotsedwa ntchito m'mawa mwake. Chinawanyansa si ntchitoyo ayi, koma mawu amene anafika mpaka kutchalitchi, akuti mkulu wa mpingo anasiyira akuba geti. Anakadandaula kwa wogamula milandu ya antchito kuti dzina lawo liyere.

"Munachoka nthawi yanji, bambo?" anafunsa wogamulayo.

"Dzuwa litalowa."

"Linalowa nthawi yanji?"

"Nthawi yake yolowera."

"Pano timafuna ola."

Lucious anatchula ola lake, wogamulayo analemba. A Greyson anati za kuloza kumwamba sakuzikumbukira, ndipo kwa iwo dzuwa limalowa sikisi koloko chaka chonse. Munthu wa imvi, wobadwira pansi pa thambo lomweli, kunena zimenezo osaphethira! A Nyirenda anatuluka panja n'kulavula.

Chigamulo chinati anathawa pantchito nthawi isanakwane. Kumpingo sanawachotse pa udindo, koma makiyi a tchalitchi tsopano amasunga munthu wina.