Khonde pa Dothi la Mzungu

Titatopa ndi thangata pa esiteti ya tiyi, tinaganiza zosamukira ku Thekerani. Ndinafuna kuyamba ndakonza nyumba yathu kuti wobwera pambuyo aigule bwino. Akazi anga anati, "Bambo a Yohane, mbuzi ija mukasinthanitse ndi chitseko chamatabwa. Chitseko munthu amasamuka nacho."

Ndinawaseka. Ine mtima unali pa khonde longa la akapitawo. Mbuziyo ndinaipereka kwa mmisiri, tinaumba khonde lalitali, makoma n'kupaka njereza, mpaka opita kukathyola tiyi ankacheuka.

Wogula anabwera, bambo wina wongofika kumene kuchokera kwa Apwitikizi. Anazungulira nyumba, anakankha kachitseko kathu kabango, n'kufunsa, "Achimwene, pano chanu n'chiyani? Dothi ndi la mzungu, khondeli mwaumba ndi dothi lomwelo. Mukachoka, akapitawo andilowetsa mwaulere." Anapita osasiya ngakhale dzira.

Kunena zoona kunandikanika. Ndinazemba kupita kwa mlongo wanga, ndinapempha tambala mmodzi m'khola mwake, n'kukauza akazi anga kuti ndiwo malipiro a khonde. Anangomuyang'anitsitsa tambalayo. Anali wa diso limodzi uja, amene iwo omwe anapatsa mlongo wangayo akadali mwanapiye. Mpaka lero ndikakumbukira, nkhope imandiyaka.

Ku Thekerani tinatchinga pakhomo ndi mphasa nyengo yonse yachisanu. Mphepo ikaigwetsa, akazi anga ankaitola n'kundifunsa mwaulemu, "Bambo a Yohane, kodi khonde lija lifika liti?"