Petulo wa m'botolo anatsala pang'ono kundilanda mwana

Inu owerenga, ine ndinasunga petulo m'nyumba mokhala mwana, ndipo ndikulemba izi kuti mayi mnzanga asadzaone zomwe ndinaona.

Ndimagulitsa nthochi pamsika wa Luchenza, amuna anga amathyola tiyi ku esiteti. Nthawi ija mafuta a galimoto anasowa, alamu anga a kabaza ya njinga yamoto anabwera ndi nzeru. Iwo aziima pamzere wa mafuta n'kumapopera petulo m'chigubu, ine ndizimuthira m'mabotolo n'kumagulitsa kwa a kabaza anzawo. Ndinakayika, poti n'zoletsedwa.

"Alamu, mukuopa chani?" anandiseka. "Pa wailesi akuti makampani akuluakulu a mafuta phindu lawo n'losaneneka, koma msonkho amangopereka wolawitsa. Inuyo tikiti ya pamsika mumadula tsiku lililonse, nthochi zigulidwe zisagulidwe. Boma liyambe lagwira eni mathankiwo, ife a timabotolo lititaye."

Mawuwo anandilowa, chifukwa wodulitsa tikiti sanandifunsepo ngati ndapindula. Ndinavomera. Mabotolo ndinkawaika kuseri kwa chitseko.

Chomwe sindinaganizire ndi ichi. Kumunda akalandira tiyi wa pa buleki, bambo a Tadala ankathirako wina m'botolo kudzapatsa mwana wathuyo, yemwe anali asanayambe ndi sukulu ya mkaka yomwe. Tadala anazolowera kuti botolo la madzi ofiirira ndi lake.

Loweruka lina masana ndikuchapa panja, ndinamva mwana akutsokomola ngati watsamwa. Kulowa m'nyumba, botolo lili pansi, fungo la petulo ponseponse. Anthu anasonkhana, wina akuti mumwetseni mkaka, wina dzira laliwisi, wina akuti asanze. Ndinali nditamupisa kale chala kukamwa pomwe anesi oyandikana nafe, a mpingo wa Sabata, anatulukira akuchokera kutchalitchi.

"Mayi a Tadala, chotsani chalacho. Akasanza, petuloyo alowa m'mapapo."

Anamuvula malaya onyowa ndi petulo n'kuimbira ambulansi, koma anauzidwa kuti ilibe mafuta. Tinakwera njinga ya alamu omwewo, mwana ndili naye pachifuwa, kudutsa m'minda ya tiyi.

Kuchipatala Tadala anamuika pa okosijeni. Ndinadikira pambali pa bedi, kumangoyang'ana kamimba kake kakukwera ndi kutsika. Anesi aja atabwera kudzationa, ndinawafunsa ngati za makampani zija n'zoona. Anati mawerengero ake sakuwadziwa, koma mpweya womwe mwanayu akupuma ndi mafuta omwe ambulansi inasowa, zonse zimadalira msonkho. Apo m'pomwe ndinazindikira kuti ngati alipo wamkulu yemwe akupereka mochepa, wovutika ndi mwana wogona pabedi ngati wangayu, ndipo mabotolo angawo sanalange kampani iliyonse. Analanga Tadala.

Mulungu ndi wabwino, mwana anachira. Tsiku lomwe anapempha nthochi ndinalira ngati wafedwa, mpaka amayi a bedi loyandikana anandiseka. Pano akuthamanga, ndipo tiyi wa bambo ake amamwera m'kapu. Alamu chigubu chija anachibowola pansi, anadzalamo tomato.

Mtima wofuna kudziwa sunandichoke. Aphungu athu atachititsa msonkhano ku Goliati, ndinaimika dzanja, ine wolekeza pulayimale. Ndinafunsa kuti ogulitsa mafuta akuluakuluwa amapereka msonkho wochuluka bwanji poyerekeza ndi phindu lawo, ndipo bwanji satiuza poyera. Yankho logwira mtima silinabwere, koma amayi anzanga a pamsika anaomba m'manja, ndipo tapangana kuti akadzabweranso funsoli lidzafunsidwe ndi wina, mpaka atayankha.

Inu owerenga, mukamva kuti akuluakulu akudya okha, kupsa mtima sikulakwa. Funsani pamsonkhano, imbani pa wailesi, musatope. Koma munthu asakunamizeni kuti mubwezere posunga petulo m'nyumba. Mwana wokwawa sadziwa za msonkho, amangodziwa kuti ali ndi ludzu.