Mphindi Zitatu za Zuze ku Ngabu

Tinanyamuka pa Marka m'mawa dzuwa lisanayambe ukali wake, ndipo matikiti a ulendowo ndikadali nawo. Ine sinditaya pepala. Zaka zimene ndinagwira ukalaliki m'sitolo zinandiphunzitsa kuti pakamwa pamaiwala msanga.

Tinali anayi: ine, Zuze mwana wa mlongo wanga, ndi anzake awiri oimba naye ulimba. Kwa inu a kumtunda, ulimba ndi matabwa a mlombwa oyalidwa pamwamba pa zipanda, kutalika kwake ngati bedi, ndipo amauimba anthu atatu nthawi imodzi.

Zuze anali ataimba m'maliro ndi m'mowa kuyambira unyamata wake, malipiro ake nkhuku, kachasu, kapena zikomo chabe. Mkazi wake atatopa anamuuza kuti msika wa thonje ukatsekedwa akalembetse yodula nzimbe ku Nchalo, ulimbawo usanduke nkhuni. Ndiye tinamva kuti ku Ngabu kukubwera bambo wa ku wailesi ndi makina ojambulira mawu. Mkaziyo anadula mlandu motere: mwamuna wake akamveka pa wailesi, ulimba ukhale. Ine ndinakhala manijala wa gululo, pakuti mwa anayife wotchi ndinali nayo ndekha.

Pa siteshoni, kalaliki wa katundu anauzungulira ulimbawo kawiri.

"Ichi n'chiyani, madala?"

"Ulimba."

"M'buku mulibe."

Anandionetsa. Matabwa anali ndi mtengo wake, zipanda zinali m'gulu la zokolola, ndipo zinthu zolira zinali ziweto zokha. Atakanda mutu analemba kuti "bedi", ine n'kulipira tambala makumi anayi. Ndinatsutsa, koma sitima inali italira kale.

M'sitima ndinawaphunzitsa ntchito. Woimba weniweni amafika pa nthawi yake, amatchula mtengo asanagwire chida, sakhudza mowa ntchito isanathe, ndipo amavala mofanana ndi anzake. Malaya ndinali nditawasoketsa kale pa nsalu imodzi. Nditaona kambale kachitsulo kakusuzumira m'thumba la Zuze, kaja amaika pansi kuti anthu aziponyamo ndalama, ndinamukalipira.

"Ukupita ku wailesi, osati kokapemphetsa. Kameneko kasaoneke."

"Ndamva, atsibweni."

Kenaka ndinawauza zimene zinalengezedwa: gulu lililonse nyimbo imodzi, mphindi zitatu.

"Mphindi zitatu zoyambira?" anafunsa Zuze.

"Kuyamba ndi kumaliza."

Atatuwo anayang'anana. Mmodzi anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Kumaliza kwake kotani?"

Ndinayesa akuseleula. Titadutsa Nsanje, gadi anatilola kulowa m'ngolo ya katundu kuti tiyesere. Ndinati ndikakweza dzanja, aleke. Nthawi itakwana ndinakweza. Mmodzi analeka, enawo poganiza kuti mnzawo watopa anawonjeza mphamvu kuti amutchinjirize, iye atapuma n'kulowanso. Ndinakweza manja onse awiri, Zuze anayesa ndikuvina. Mayi wina wogulitsa nsomba, amene anali atamanga kale chitenje m'chiuno, anandigwetsa mkono.

"Nkhabe, baba, iyayi, musawaleketse. Yangoyamba kumene kukoma."

Nyimbo imeneyo inakafika ku Tengani.

Pa Bangula tinatsika masana. Pa chipata cha msika anyamata a chipani anafuna makhadi, ndipo oimba anga anayamba kudzipapasa m'matumba ngati alowedwa ndi linthumbu. Makhadi onse anayi anali m'chikwama changa. Ndinawalanda tisananyamuke chifukwa ndimawadziwa. Tinadya mlamba wowamba ndi mbatata pansi pa mtengo, kenaka tinakwera lole yopanda kanthu yopita kukatenga thonje, tambala makumi awiri munthu mmodzi. Dalaivala anati bedi likwere ulere.

Msewu wonse wa fumbiwo tinaupakata ulimba pamiyendo kuti zipanda zingasweke, ine ndikufunsabe kuti chovuta n'chiyani pa kuleka chinthu.

"Nyimbo siitha, atsibweni," anatero Zuze. "Imangosiyidwa."

"Ndiye uisiye."

"Popanda chifukwa?"

Sindinamvetse, ndipo iye sanamvetse chimene ine sindinamvetse. Tinafika pa Ngabu tili chomwecho.

Ojambula anali pa sukulu m'kalasi ina, mazenera atatsekedwa ndi mabulangete, mukutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Bambo wa ku wailesiyo anali wamfupi, thaulo pakhosi. Anayang'ana malaya ofananawo n'kugwedeza mutu movomereza, ine mtima unakhala pansi. Oimba anga anayamba kuimba, ndipo ndinene zoona, anaimba bwino kuposa pa maliro a bambo anga. Mphindi zitatu zinakwana. Ndinakweza dzanja, bamboyo anakweza lake, ngakhale womuthandiza anakupiza chipewa. Atatuwo maso anali pa matabwa. Bamboyo anazimitsa makina.

"Akulu, tepi si msewu. Nyimbo yodukira pakati sindingapite nayo. Ndikupatsani mwayi umodzi, ikapitiriranso ndiitana a ng'oma ali panjawo."

Zuze anakhala pansi, thukuta lili chuchuchu. Ndinaona nzimbe za ku Nchalo m'maso mwake. Ndinamukokera pakona nditakwiya.

"Iwe, pa maliro paja simuimba mpaka kufa. Mumaleka bwanji?"

"Munthu akaponya ndalama m'mbale kuti tisinthe nyimbo. Ikangolira, manja amaima okha."

"Bwanji sunanene ku Tengani?"

"Munati kambale kasaoneke."

Ndinamuuza akatulutse. Bambo wa ku wailesi anafunsa ngati nakonso ndi chida, ndinati inde, ndipo woimba wake ndine. Atatuwo anayambanso. Ine ndinaima pambali, wotchi kudzanja lino, tambala zisanu kudzanja linalo. Muvi wa wotchi utatsala pang'ono kufika, ndinadikira kuti Zuze atsike ku matabwa aakulu, n'kuisiya ndalamayo. Inalira kuti ngwee. Manja asanu ndi limodzi anaima ngati adulidwa ndi chikwanje.

"Imeneyo ndiye nyimbo," anatero bamboyo.

Tinabwerera mawa lake njira yomweyo, ulimba utalembedwanso bedi. Patapita masabata, nyimbo inamveka pa wailesi ya m'sitolo pa Marka, mkazi wa Zuze ali pakhonde ndi mchere m'manja. Nkhuni za tsiku limenelo anakatola kutchire. Lero Zuze amaitanidwa ku maukwati mpaka ku Bangula, mtengo amatchula asanamasule zingwe, ndipo amadziwa kupereka nyimbo yaitali kapena yaifupi monga wafunira mwini ntchito. Kambale amakaika poyera, ine ndiye ndinalamula.

Ndinapita kukawaphunzitsa ntchito, ndipo zina anaphunziradi. Chimene sindinachimvetse mpaka lero ndi ichi. Wolengeza anatchula Zuze ndi anzake awiri, pomwe aliyense wa makutu amamva kumapeto kuti oimba analipo anayi. Ndafufuza m'chikwama monse umboni woti ndinaimbapo pa wailesi. Pepala limene lilipo likunena kuti ndinapita ndi bedi ku Bangula, n'kubwera nalo.