Horia Akhoza Mayeso Osafuna

Horia Butnaru analowa yunivesite ina ya mumzinda wa Iasi ali ndi tsitsi lodzaza mutu. Pofika chaka chachisanu ndi chinayi dazi linali litayamba kung'anima, koma digiri ayi ndithu. Musati anali mbuli. Mutu unkagwira, kungoti mwamunayo anakwatira wailesi.

Wailesiyo inali ya ophunzira okhaokha, m'kachipinda ka pansi pa hositelo, konunkha kabichi wa kukhitchini. Sinkamveka patali, koma m'mawa uliwonse Horia ankakhala ali pamenepo, kulengeza hositelo imene madzi otentha atha, mphunzitsi amene wadwala, ngakhale masokosi oiwalika pachingwe. Lamulo linali limodzi: ukamaliza maphunziro, kiyi wa kachipindako ubweze. Ndiye mkuluyu anakhoza zina zonse n'kusungako phunziro limodzi, mbiri ya malamulo, loti azililephera mwadala chaka ndi chaka. Mayi ake kumudzi ankangomutumizira mabotolo a ndiwo pa basi, akutukwana aphunzitsi odana ndi mwana wawo.

Tsiku la mayeso, Ilinca, mtsikana wokonza nkhani pawailesipo, anasuzumira pakhomo.

"Agogo, mwakonzeka kulephera?"

"Iwe mwana, ine ndinayamba kulephera iwe ukadali ku pulayimale. Usandiphunzitse ntchito."

Mayesowo anali apakamwa. Umatola kapepala kafunso patebulo, n'kuyankha pamaso pa pulofesa. Pulofesa wakale wa phunziroli, ukangoti sindikudziwa, ankakukalipira n'kukuloza khomo. Koma anali atapuma ntchito, ndipo pampando panali Mayi Stanciu, achete ngati mwala.

Horia anatola kapepala, osakayang'anitsitsa n'komwe.

"Sindikudziwa, amayi pulofesa."

Mayiwo sanakalipe. Anapinda manja n'kumayang'ana mitengo pawindo. M'chipindamo munangoti zii.

Tsono munthu wa pawailesi mungamumane chakudya, apirira. Koma chete ayi. Kwa iye kachetechete pang'ono ndiye kuti makina afa, omvera akuthawa. Horia anatsokomola. Anati angonenako kamodzi za funsolo kuti atseke dzenje, ndipo pakamwa panatseguka ngati mpopi. Zinthu zomwe anazimva zaka zonsezo zinatuluka zokha, mayina, zaka, zonse m'malo mwake, m'mawu ake okoma aja. Anadzidzimuka patapita mphindi makumi awiri, mayiwo akulemba naini pa teni m'kabuku kake ka magiredi.

"Amayi, chonde, folo yolephera ija ingandikwane. Ndakulakwirani chiyani?"

"Bambo Butnaru, ndimakumverani m'mawa uliwonse. Mawu muli nawo. Pitani mukalankhule ndi akuluakulu anzanu, ana apumeko."

Anatsikira kukachipinda kaja mwakachetechete ngati wochokera kumaliro. Ilinca atawona kabukuko anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anasiya, poona kuti mkuluyo akuvula kiyi m'khosi.

"Maikolofoni yakumanzereyo uziyamba waimenya kawiri," anatero Horia. "Ndipo usamatafune chingamu powerenga nkhani, timamva."

"Muzibwera kudzationa, agogo."

"Ndidzabwera kudzakudzudzulani."

Masiku ano Horia amalengeza sitima pa siteshoni ya kwawo. Apaulendo akuti sitima ikachedwa bamboyo satha kungokhala. Amawauza za nyengo, za chipewa chimene chatoledwa pabenchi, mpaka bwana wake amachita kugogoda pagalasi kuti asiye.