Tsiku Limene Ndinatsuka Galimoto za a Dennis

Ndikukumbukira fungo la pabalaza pa a Dennis ku Kings Heath: polishi, tiyi wozizira ndi galu amene anafa kalekale koma fungo lake linakana kusamuka. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, nditangotha miyezi inayi chichokereni ku Kawale. Amayi anali nesi pachipatala china mu Birmingham, ndipo shifiti yawo inkatha eyiti koloko, pamene ine kusukulu ndinkaweruka fili koloko. Bambo anali adakali ku Malawi kudikira mapepala. Maola asanu apakatiwo ndiwo anali vuto, chifukwa kuno mwana sumangomusiyira kiyi n'kumuuza kuti akapsereza nyemba aona. Aneba amaimbira aboma. Ndiye a Dennis ndi akazi awo a Maureen, okalamba a khomo loyandikana ndi lathu, anadzipereka kuti ndizikhala kwawo mpaka amayi abwere. Popanda iwowo, amayi akanayenera kusankha pakati pa ntchito ndi ine.

A Dennis anali bambo waimvi, wopuma pantchito kufakitale ya magalimoto, koma ankasunga zidole. Inde, zidole. Kabati yagalasi, imene kwathu mukanakhala mbale za alendo, inali yodzaza ndi tigalimoto tachitsulo, totalika ngati nsapato ya amayi. Matayala akumbuyo onenepa, akutsogolo owonda, injini itatulukira pamwamba pa boneti, zitseko zodzaza manambala. Anandifotokozera monyadira kuti timeneti n'tofanizira galimoto za mpikisano za ku Amereka, zimene zimathamanga ziwiriziwiri pamsewu woongoka, masekondi owerengeka, basi mpikisano watha. Ndinafunsa kuti nanga zikafika pokhota zimatani. Anati sizikhota. Anyamata a ku Kawale ankapanga galimoto za mawaya zokhota bwinobwino, zina mpaka zonyamula mango, koma palibe anaziika m'kabati.

Chimene chinkandipweteka mutu n'chakuti zambiri zinali zidakali m'makatoni, osatsegulidwa. Munthu wagula chinthu, wafika nacho kunyumba, ndiye walephera kutsegula katoni kwa zaka makumi awiri? Ine ndinkaona ulesi basi.

Tsono amayi anali atandilangiza kale. “Anthuwa akukusunga ulere. Usakangokhala phwii pampando ngati mkazi wa bwana. Mwana wamkazi amaona yekha ntchito, sachita kuuzidwa.” Koma a Maureen sankandilola kugwira kanthu. Ndikatenga tsache ankandilanda n'kundipatsa bisiketi. Ndikaima pasinki, bisiketi ina. Tsiku lililonse amayi ankafunsa kuti ndagwira ntchito yanji, ine n'kuyankha zoona kuti ndadya mabisiketi. Amayi ankagwira kumutu n'kunena kuti ndidzawachititsa manyazi pakati pa azungu.

Mwayi unabwera Lachitatu lina. A Dennis anapita kukaonetsa bondo kwa dokotala, a Maureen anati athamangire kusitolo, ola limodzi lokha. Chitseko chitangotsekeka, ndinapinda manja a yunifolomu n'kutsegula kabati ija. Ndinatulutsa galimoto zisanu za m'makatoni. Tepi yake inali yolimba, koma mpeni wa buledi unandithandiza. M'katimo munalinso timapepala tolembedwa manambala, zinyalala ndithu. Makatoniwo ndi timapepalato ndinakazipondereza mu bini panja, kamvula kakuwaza. Kenako ndinatenga yachisanu ndi chimodzi, yofiira, imene inkakhala yokha pamwamba yopanda katoni. Kalanga ine, uve wake! Mwaye kumapaipi a utsi, zakudakuda kumatayala, ndipo padenga wina anali atakhwatchakhwatcha ndi cholembera chakuda. Ndinati ameneyu ndi mdzukulu wopanda mwambo, ndipo a Maureen maso awafooka.

Ndinadzaza sinki ndi madzi otentha, sopo wa mbale wambirimbiri, n'kutenga kawaya kotsukira mapoto. Mkono umenewu unali utaphunzira pa mapoto ophikira pamakala, ndiye kagalimoto sikakanandivuta. Mwaye unachoka. Zokhwatcha zija zinavutako pang'ono, koma nazonso zinagonja. Manambala a m'zitseko anayamba kumatuka n'kumayandama m'madzimo, ine ndinati bola, ntchito yachepa. Pomaliza ndinaziyala pa thaulo patebulo, zonse zisanu ndi chimodzi zili waliwali, pena chitsulo chenichenicho chikuonekera. Ndinakhala pampando, miyendo pamodzi, kudikira kuyamikiridwa.

Anayamba kulowa a Dennis. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Nkhope inafiira, kenako inayera, ndipo ndinali ndisanaonepo munthu akusintha mitundu chotero. Ananyamula yofiira ija, n'kuitembenuza uku ndi uku, madzi akudontha m'mipando yake. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mwaye uja anaupenta okha ndi kaburashi kakang'ono nyengo yonse yozizira, kuti galimotoyo izioneka ngati yangochoka kumpikisano. Zokhwatcha zija linali dzina la woyendetsa wina wotchuka, amene anasainapo ndi dzanja lake a Dennis ataima pamzere theka la tsiku limodzi ndi malemu mchimwene wawo. Makatoni ndi timapepala tija, totsimikizira kuti n'zenizeni, ndizo zinkapatsa galimoto zinazo mtengo. Koma tsikulo sananene zonsezi. Anangoti, “It's fine, love.” Kenako anatuluka kuseri n'kukaima pamvula kuyang'ana mpanda.

Amayi atabwera n'kumva nkhaniyo kwa a Maureen, anandigwira dzanja n'kundigwaditsa pakapeti, iwonso n'kugwada, yunifolomu ili m'thupi, manja akuomba pang'onopang'ono. A Dennis anachita mantha kuposa ife. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati, akupempha kuti tidzuke, akubwereza kuti palibe vuto. Tili panja amayi anapumira m'mwamba. “Waona? Anthu a Mulungu awa. Kukanakhala kwathu bwenzi utalawa mbama.”

Tinali tisanawadziwe eni dziko. Kwathu munthu akakwiya amakalipa, mzere wonse wa nyumba umamva, mawa lake akubwera kudzapempha mchere. Kuno amakumwetulira. Lolemba a Maureen anali ndi ulendo wokaona mng'ono wawo. Lachiwiri bondo la a Dennis linavuta. Lachinayi tinapeza khadi pansi pa chitseko, yokongola, ya maluwa, yonena kuti iwo akalamba ndipo nyumba yawo si yoyenera mwana wanzeru ndi wachangu ngati ine. Kuthamangitsidwa ndi maluwa, abale!

Amayi anapempha kuchipatala kuti awasinthire shifiti, zinakanika. Anafunsa kutchalitchi, ndipo mayi wina, a Nachisale a ku Wolverhampton, anavomera kunditenga. Sikunali kotheka kupita ndi kubwera tsiku lililonse, ndiye ndinasamuka ndi sukulu yomwe. Kwa chaka ndi miyezi itatu, mpaka bambo atafika, amayi anga ndinkawaona Lamulungu lokha, ndipo likagwera pa shifiti ndiye kuti sabata imeneyo yapita. Ndinkawasowa koopsa. Tsiku londiperekeza ndinalira mu sitima njira yonse, ndikupepesa. Amayi anati, “Leka kulira. Iwe sunalakwe, unachita zimene ndinakuuza ine.”

Lero inenso ndine nesi, ndipo atsikana ongofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba amabwera kwanga kudzafunsa nzeru. Ndimawauza kuti m'nyumba za eni akewa fumbi lina ndi chuma, afunse kaye asanapukute. Amaseka, amaona ngati nthabwala. Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi chaka chino. Kapu amaisiya pamene wamwera, ndipo ndikamutuma amayankha pa Chingerezi kuti ndidikire pang'ono, maso ali pafoni. Agogo ake, omwe aja anagwada pakapeti, amadandaula kuti ndikumuwononga, sadzatha kukhala pakhomo pa eni. Mwina akunena zoona. Ine ndinasankha shifiti yoti fili koloko izindipeza pageti ya sukulu, ndipo pakhomo pa eni mwana wanga sakapitako. Amagona m'nyumba mwanga tsiku lililonse.